Malungo a 3 plus: mbiri ya selo yomwe ili m'magazi mwathu

Kwa aphunzitsi anzanga a sayansi kuno ku Balaka ndi ku Machinga, komanso inu amene munadutsa m'manja mwanga ndipo mukukumbukirabe selo langa lija la pa bolodi lomwe munkati likufanana ndi mbatata. Lero ndalemba zazitali pang'ono, mundipirire. Nkhani yake ndi ya mbiri yakale, koma yayambira m'kalasi.

Teremu ya mvula yapitayi mnyamata wina wa fomu 3 anajomba sabata yathunthu. Atabwera anandipatsa kabuku kake ka kuchipatala kuti nditsimikize kuti sanali kothawa sukulu. Anali atagonekedwa masiku atatu, ndipo pa tsamba lomaliza panali polembedwa ndi bolopeni kuti MPs +++. Ndinamuuza kuti pepa, pita ukakhale pansi, ukopere manotsi kwa anzako. Iye osasuntha. Akuti, “Sala, kunyumba aliyense akungoti anali malungo a 3 plus. Kodi 3 ameneyu amakhala akuwerenga chiyani?” Sabata imeneyo n'kuti tili pa mutu wa maselo, ndipo pa bolodi panali chithunzi chija tonse timachidziwa: mzere wozungulira, kadontho kakuda pakati, timasoseji titatu pambali, ndi mivi yoloza mayina. Ndinayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana kabukuko, ndipo manyazi anandigwira. Zaka pafupifupi 20 ndakhala ndikuphunzitsa za selo kwa ana okulira m'dera la malungo, osawauzapo kuti mutu umenewu amayenda nawo m'thumba.

Yankho la funso lake ndi ili. Wa mu labotale amatenga dontho la magazi, kuliika pa kagalasi, kuliumitsa, kulithira mankhwala opatsa mtundu, n'kuliyang'ana pa maikulosikopu yokulitsa ka 1,000. Diso limaona kabwalo kamodzi kowala pa nthawi imodzi. Akayang'ana timabwalo 100 n'kupeza tizilombo pakati pa 1 ndi 10, amalemba plus mmodzi. Akapeza pakati pa 11 ndi 100 m'timabwalo tomweto, ndi 2 plus. Pomwe 3 plus ndi pamene m'kabwalo kalikonse muli tizilombo 1 mpaka 10, ndipo 4 plus ndi pamene tapitirira 10 m'kabwalo kamodzi. Kachilombo ka malungo kalikonse ndi selo limodzi lathunthu, lokhala m'kati mwa selo lina, lomwe ndi selo lofiira la magazi athu. Ndiye kuti agogo a ku Ntaja kapena ku Phalula akamati mdzukulu wanga anam'peza ndi 3 plus, akunena chiwerengero cha maselo, ngakhale sanaponde m'kalasi. Kuti mawu amenewa afike pakamwa pa agogowo panadutsa zaka zoposa 200 za anthu osuzumira m'timagalasi, kukangana, ndi kulakwitsa.

Ndiulule kaye changa. Ine ndinalemba MSCE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndisanaikepo diso pa maikulosikopu. Biology ndinakhoza bwino ndithu, chifukwa kuloweza ndinkatha. Khungu la anyezi ndinaliona koyamba ku koleji ndikuchita dipuloma yanga, ndipo chomwe chinandidabwitsa n'chakuti munalibe mivi. Munali tizipinda tondondozana ngati njerwa za khoma, basi, ndipo nucleus ndinachita kulozeredwa. Ndikudziwa kuti si ine ndekha. Ambiri a ife tinaphunzira selo ngati katekisimu, ndipo tikuliphunzitsanso ngati katekisimu.

Munthu woyamba kulemba za tizipinda timeneti anali Robert Hooke wa ku London, m'buku lake lotchedwa Micrographia la 1665. Iye anasenga kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo womwe amapangira zotsekera mabotolo, n'kuona timabowo tambirimbiri tokhala ngati zisa za njuchi. Anatitcha dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kachipinda, ndipo ndi dzina lomweli talipinda ife kukhala selo. Koma zomwe anaona Hooke zinali makoma okhaokha a maselo akufa, nyumba zomwe eni ake anasamuka. Woona zamoyo anali munthu wina wa ku Delft, m'dziko la Holland, Antonie van Leeuwenhoek. Ameneyu ndimam'konda kwambiri ndikamauza ana, chifukwa sanapite ku yunivesite. Anali wogulitsa nsalu, ngati ogulitsa zitenje mumsika wa Balaka, ndipo ankapanga yekha timagalasi tating'ono ngati njere ya mapira. Tina mwa ito tinkakulitsa zinthu kupitirira ka 200. Mu 1674 anafotokoza timibulu tofiira ta m'magazi, ndipo mu 1683 anakanda zoyera za m'mano mwake n'kuonamo tizamoyo tikuyendayenda, tomwe lero timati mabakiteriya.

Kenako nkhani inakhala ngati yagona kwa zaka pafupifupi 150, makamaka chifukwa magalasi a nthawiyo ankaonetsa zinthu mwachimbuuzi. Atakonzedwa cha m'ma 1830, zinthu zinathamanga. Robert Brown anatchula nucleus mu 1831 poyang'ana maluwa. Matthias Schleiden mu 1838 anati zomera zonse n'zopangidwa ndi maselo, ndipo mnzake Theodor Schwann mu 1839 anati nyama nazonso n'chimodzimodzi. Mayina awa ana amawaloweza bwino. Chomwe sitiwauza n'chakuti akuluakulu awiriwa anaphonya pa funso lofunika: ankaganiza kuti selo latsopano limangoundana kuchokera m'madzimadzi a m'thupi, ngati mmene mchere umaumira pansi pa mphika. Robert Remak ndi amene anaonetsa kuti selo limachita kugawikana, ndipo Rudolf Virchow mu 1855 anafalitsa mfundo yakuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Mu 1858, ku Berlin, Virchow anatulutsa buku lonena kuti matenda nawonso amayambira m'maselo, ndipo amene akufuna kumvetsa matenda ayang'ane kumeneko.

Chaka chimenechi chisungeni, chifukwa apa ndi pomwe mbiri ya selo ikukumana ndi mbiri ya kwathu kuno. Mu 1858 momwemo David Livingstone anafika pomwe Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Mu Epulo 1859 iye ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa. Mu Seputembala chaka chomwecho anatsata Shire wakumtunda, kudutsa nyanja ya Malombe mpaka kukaona nyanja ya Malawi, ndipo mu 1861 anadzadutsanso pa Shire yemweyu ndi bwato. Kutanthauza kuti anayenda m'madambo omwewa timawaona tikaima pa mlatho wa Liwonde. Onse awiri anali madokotala ophunzira ku Scotland, ndipo malungo ankawagwetsa mobwerezabwereza. Mankhwala anali nawo: kwinini, yemwe akatswiri awiri a ku France anam'patula ku khungwa la mtengo wa cinchona mu 1820. Ankadziwa kuti kwinini amathandiza, koma sankadziwa kuti akupha chiyani. Chikhulupiriro cha madokotala a nthawiyo chinali chakuti nthendayi imabwera ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo, ndipo dzina lake la Chingerezi likuchokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza zomwezo, mpweya woipa.

Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya ku Magomero anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pomwe Ruo amakumana ndi Shire, bwato lake litagubuduka n'kutaya mankhwala. Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho. Awa tikuwadziwa chifukwa analembedwa m'mabuku. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa Shire omwe ankafa ndi nthenda yomweyi dzinja lililonse palibe anawawerenga. Ndipo tisamaseke makolo athu. Agogo anga ankati malungo amabwera ukanyowa ndi mvula kapena ukadya chimanga choyamba chachiwisi. Iwo ankaloza mvula, madokotala a ku Ulaya ankaloza dambo. Onse analondola nyengo ndi malo, koma mdani weniweni anali wochepa moti maso sakanamuona.

Anamuona ndi Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a ku France pa chipatala cha ku Constantine, m'dziko la Algeria. Madokotala ena, kuphatikizapo Virchow yemwe uja, anali ataona kale kuti m'magazi ndi m'kapamba mwa anthu odwala malungo mumakhala timadontho takuda ngati mwaye. Laveran anatsata timadontho timeneti kuti adziwe komwe timachokera. Pa 6 Novembala 1880 akuyang'ana magazi a msilikali wodwala, osathira mankhwala a mtundu aliwonse, anaona kanthu kozungulira kokhala ndi timadontho tija, ndipo mwadzidzidzi kanatulutsa timichira tomwe tinayamba kukwapula maselo ofiira oyandikana nako. Chinthu chakufa sichikwapula. Anazindikira kuti m'magazimo munali chamoyo. Anzake ambiri sanam'khulupirire kwa zaka zingapo, chifukwa chaka cha 1879 akatswiri ena anali atalengeza kale kuti apeza bakiteriya wa malungo m'dothi la m'madambo a ku Italy, ndipo nkhani imeneyo inkagwirizana bwino ndi zomwe anthu ankakhulupirira kale. Bakiteriya ameneyo kunalibe.

Pali dzina lina lomwe mwana aliyense wa fomu 3 amalilemba ndi muvi osadziwa kuti ndi la munthu. Golgi. Camillo Golgi wa ku Pavia, ku Italy, anafotokoza mu 1898 kachiwalo kaja ka m'selo kokhala ngati mbale zosanjikizana, komwe kamalongedza mapuloteni. Koma asanatero, mu 1885 ndi 1886, anali pa malungo. Iye ndi amene anaonetsa chifukwa chake thupi limatentha mopumira. Ankatenga magazi a wodwala nthawi zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kachilomboko kamakula m'selo lofiira, kugawikana kukhala tambiri, kenako selolo n'kuphulika, ndipo kunjenjemera ndi kutentha kumayamba pa nthawi yomwe maselo ambiri aphulikira pamodzi. Mtundu wina umatenga maola 48, wina maola 72. Nditawauza ana zimenezi, mtsikana wina anati, “Ndiye kuzizidwa kuja ndi maselo akuphulika?” Ndinati eya, ndi zomwe thupi limachita pomva zinyalala zomwe zatayikira m'magazi. Kalasi lonse linati zii, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanazizidwepo choncho.

Za udzudzu ndidutsapo msanga poti n'zodziwika. Ronald Ross anapeza kachilomboka m'mimba mwa udzudzu ku Secunderabad, ku India, pa 20 Ogasiti 1897, ndipo mu 1898 anatsata ulendo wake wonse pogwiritsa ntchito malungo a mbalame. Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anatsimikiza kuti malungo a anthu amafala ndi udzudzu wa Anopheles. Panatsala mpata umodzi: munthu akalumidwa, kachilomboko kamasowa m'magazi kwa sabata kapena kuposerapo. Kamapita kuti? Yankho linadikira mpaka 1948 pamene Henry Shortt ndi Cyril Garnham anakapeza katabisala m'maselo a chiwindi, momwe kamodzi kamaswana kukhala masauzande ambirimbiri kasanatulukire m'magazi.

Tsopano tiyeni tione maselo awiriwa, lathu ndi la mlendo, chifukwa apa ndi pomwe chithunzi cha pa bolodi chimatipusitsa. Timauza ana kuti selo la nyama lili ndi nucleus, mitochondria, ribosome ndi zina zotero. Koma selo lofiira la munthu, lomwe ndi lochuluka kuposa mtundu wina uliwonse wa maselo athu, lilibe zonsezi. Likamakhwima m'mafuta a m'mafupa limataya nucleus, limataya mitochondria, n'kutsala kathumba kodzaza ndi haemoglobin. Zili ndi phindu lake. Malo onse apita ku katundu yemwe likunyamula, limatha kupindika n'kudutsa m'timitsempha topapatiza kuposa ilo, ndipo popeza lilibe mitochondria silidya mpweya womwe latumidwa kukapereka. Koma zili ndi mtengo wake: silingagawikane, silingapange mapuloteni atsopano odzikonzera, ndipo pakatha masiku pafupifupi 120 kapamba amalichotsa. N'laling'ono moti maselo pafupifupi 130 atandandalika ndi pomwe angakwane milimita imodzi pa rula, ndipo m'kadontho kofanana ndi mutu wa phini muli pafupifupi 5 miliyoni.

M'nyumba yopanda mwini imeneyi ndi momwe mlendo amalowa, ndipo amabwera ndi ziwiya zake zonse. Plasmodium falciparum, mtundu womwe umativutitsa kwambiri kuno, ali ndi nucleus yake, mitochondrion yake imodzi, ma ribosome, Golgi, ndi vacuole. Kunena zoona, iye ndi amene akufanana kwambiri ndi chithunzi chathu cha pa bolodi kuposa selo lathu lomwe wakhalamo. Pa maola 48 amaswana kukhala 16 mpaka 32. Amapanganso mapuloteni n'kuwatumiza ku khungu la selo lofiira, lomwe limamera timatuza tomata. Selolo limakakamira ku makoma a timitsempha, ndipo potero silifika kwa kapamba yemwe akanaliphwanya. Zikachitika m'timitsempha ta muubongo ndi pamene mwana amakomoka. Njira yoyezera kukomoka kwa ana otere, yomwe madokotala a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, imatchedwa Blantyre Coma Scale, chifukwa anaikonza ku chipatala cha Queen Elizabeth a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi anzawo, n'kuifalitsa mu 1989. Tikamaphunzitsa cell membrane ngati mpanda wongozungulira, tikumbukire kuti mwana amatha kufa chifukwa cha puloteni imodzi yomera pa mpanda umenewo.

Koma kachiwalo komwe ndikufuna tikhalepo ndi vacuole, chifukwa mbiri yake inalembedwa ndi ife Amalawi. Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira chloroquine. Kuwawa kwake kunkatsala pakhosi tsiku lonse, ndipo enafe ankatiyabwa thupi usiku wonse mpaka kumadzikanda ndi chitsononkho. Mankhwalawa anapangidwa koyamba ku Germany mu 1934 ndipo anafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Anali otchipa, ndipo kwa zaka zambiri ankachiza. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kotere. Kachilombo ka malungo kamadya haemoglobin, koposa theka la yemwe ali m'selomo, ndipo kamam'gayira mu vacuole yake yomwe ndi ya asidi ngati m'mimba mwathu. Pogayapo pamatsala haem, yemwe akakhala payekha ndi poizoni kwa kachilomboko. Ndiye kamam'umba kukhala timiyala takuda tosavulaza. Timiyala timeneti ndi timadontho takuda tija tinatsogolera Laveran mu 1880. Chloroquine akalowa mu vacuole, asidi amam'sintha moti sangathenso kutuluka, amaunjikana momwemo, n'kuletsa kuumba timiyala kuja. Kachilomboko kamafa ndi zinyalala zake zomwe, ngati munthu wotsekeredwa m'khitchini ya utsi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia, kunayamba kupezeka malungo osamva chloroquine. Anafika kum'mawa kwa Africa cha mu 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anali atafika kwathu. Amayi ankam'mwetsa mwana mankhwala onse bwinobwino, thupi n'kuzizira masiku awiri, sabata yamawa latenthanso, magazi n'kumachepa. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine m'zipatala zake n'kuyamba SP, yemwe tonse tinkam'tcha Fansidar. Ine n'kuti ndili kumapeto kwa pulayimale, ndipo chomwe ndinakondwa nacho n'chakuti kuyabwa kwatha. Sindinkadziwa kuti chasintha n'chiyani m'kachilomboko, ndipo nthawi imeneyo akatswiri nawo anali akufufuzabe.

Yankho linatuluka mu 2000 kuchokera kwa David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo ku America. Pa khungu la vacuole ija pali puloteni ina yokhala ngati kachitseko. M'tizilombo tosamva mankhwala, puloteniyi inasintha pang'ono, ndipo kusintha kofunika kwambiri kuli pa amino acid ya nambala 76. Kusintha kumeneku kumachititsa kuti kachitsekoko kazitulutsa chloroquine kunja kwa vacuole asanagwire ntchito. Basi. Imfa zosawerengeka za ana a mu Africa m'zaka zimenezo zinadutsira pa kachitseko ka pa khungu la kachiwalo ka m'kati mwa selo lokhala m'kati mwa selo lina. Ana akamandifunsa phindu lodziwa kuti membrane imasankha zolowa ndi zotuluka, masiku ano ndimawauza nkhani imeneyi.

Chotsatira chake chinadabwitsa dziko lonse, ndipo chinaonekera kuno koyamba. Ofufuza ku Blantyre anayeza magazi osungidwa a zaka zosiyanasiyana, n'kupeza kuti mu 1992 kusintha kuja kunkapezeka mwa odwala 85 pa 100 alionse, koma pofika 2000 kunali kutatsika kufika 13. Mu 2006 a Miriam Laufer ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 210 a ku Blantyre komweko: chloroquine anachiza 99 pa 100 alionse, pomwe SP anachiza 21 okha. Chifukwa chake n'chakuti kachitseko kosinthika kaja kali ndi mtengo. Pakakhala mankhwala kamapulumutsa, koma pakapanda mankhwala kachilombo kokhala nako kamatsalira pa mpikisano ndi anzake akale. Titachotsa chloroquine, akale aja anachulukananso. Amene mumaphunzitsa evolution ku fomu 4 n'kumavutika ndi agulugufe a ku England omwe ana sanawaonepo, chitsanzo ndi chimenechi, cha pa Ndirande pompa. Koma chonde, wina asamve ngati ndikuti mukagule chloroquine. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo kuno ndi LA, ndipo ndi amene tiyenera kumaliza monga atiuzira kuchipatala.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza tebulo lathu lija la kusiyana kwa selo la chomera ndi la nyama. Mu 1996 akatswiri anatsimikiza kuti kachilombo ka malungo kali ndi kachiwalo komwe ndi kotsalira ka chloroplast. Amakatcha apicoplast. Sikobiriwira ndipo sikapanganso chakudya ndi dzuwa, koma kachilomboko sikangakhale ndi moyo popanda iko, ndipo mankhwala ena monga doxycycline amakantha pamenepo. Ndiye kuti makolo akalekale a mdani wathuyu anali a mtundu wa ndere. Mwana akandifunsa kuti tsono Plasmodium ndi chomera kapena nyama, ndimamuuza kuti pa mayeso alembe kuti ndi protozoa, koma adziwe kuti tebulolo tinajambula ndi ife anthu, zamoyozo sizinafunsidwe.

Ndipo chithunzi chathu chija si chakale monga timaganizira. Maikulosikopu yogwiritsa ntchito kuwala singaonetse ribosome kapena timapindi ta m'kati mwa mitochondria. Zimenezo zinadikira maikulosikopu ya ma electron, yomwe Ernst Ruska ndi Max Knoll anayamba kupanga ku Germany mu 1931. George Palade anafotokoza ma ribosome mu 1955, ndipo Christian de Duve anatchula lysosome chaka chomwecho, kuno tili pansi pa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kafotokozedwe ka membrane komwe tili nako m'mabuku, ka mapuloteni oyandama m'mafuta, ndi ka 1972. Baraji ya ku Liwonde, ya 1965, ndi yakale kuposa iko. Ngakhale njanji yochoka ku Nkaya kupita ku Nayuchi, ya 1970, inayamba ndi iyo. M'midzi mwathu muli agogo ambiri omwe anabadwa munthu aliyense asanaonepo ribosome. Sindikutsutsa kuti ana azijambula chithunzicho, mayeso amachifuna. Chomwe ndikudandaula n'chakuti timachipereka ngati chinagwa kumwamba chili ndi mivi yake kale, ndipo mwana amatuluka akuganiza kuti sayansi ndi zinthu zomalizidwa zomwe eni ake ali kutali.

Chonsecho sizinathe, ndipo sizili kutali. Pa 23 Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala za masiku onse, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 omwe anasankhidwa. Zomwe zinapezeka kuno, ku Ghana ndi ku Kenya ndi zomwe zinachititsa bungwe la WHO kuvomereza katemerayu mu Okutobala 2021. Ntchito yake ndi kuphunzitsa thupi kuzindikira puloteni ya pa khungu la kachilomboko kasanalowe m'selo la chiwindi, pa mpata uja anautseka Shortt ndi Garnham. Azing'ono awo a ana omwe tikuphunzitsa ndi amene anabayidwa. Komanso kuyambira cha mu 2011 zipatala zing'onozing'ono zambiri zimayeza malungo ndi kachipangizo kaja kotulutsa mizere iwiri, komwe sikaona selo koma kamagwira puloteni yopangidwa ndi kachilomboko. N'kothandiza kwambiri, kamafika komwe magetsi kulibe. Kungoti mawu aja oti 3 plus akupita nachepa, ndipo ndi iwo omwe ankatikumbutsa kuti pali munthu amene anayang'anadi.

Nditamaliza kuwauza ana zonsezi, zomwe zinandidyera mapiriyodi awiri omwe sanali pa sikimu, ndinaganiza zoti aone okha. Sukulu yathu ili ndi maikulosikopu imodzi yogwira ntchito, ya kagalasi kolandira kuwala pansi, ndipo timaiika pa windo. Apa ndichenjeze anzanga omwe mwangoyamba kumene ntchito: musabaye mwana chala, ngakhale atadzipereka yekha. Za HIV ndi matenda a chiwindi mukuzidziwa. Ndipo kagalasi kaja musakalozetse pa dzuwa penipeni, mungaononge diso la mwana. Ine ndinadikira tsiku lomwe kunyumba kunaphedwa nkhuku. Ndinaika kadontho kakang'ono ka magazi ake kumapeto kwa silaidi, n'kukakoka ndi m'mphepete mwa silaidi ina kuti kapyapyale, kuumitsa pa mphepo, kudonthezera sipiriti, kenako methylene blue kwa mphindi zochepa, n'kutsukuluza ndi madzi. Ubwino wa nkhuku ndi wakuti maselo ofiira a mbalame sanataye nucleus. Ndi ozungulira motalika ngati dzira, ndipo pa ka 400 lililonse limaoneka ndi kadiso kake ka buluu pakati.

Ana 70 pa maikulosikopu imodzi si masewera. Anaima pa mzere mpaka kunja, aliyense masekondi ochepa, ndipo ena anangoona nsidze zawo n'kunama kuti aona. Mnyamata wa kabuku uja ndinam'siya komalizira dala. Anakhalapo nthawi yaitali, akusuntha silaidi pang'onopang'ono, mpaka anzake anayamba kudandaula za belu. Atadzuka anati, “Sala, ndiye anga alibe timaso timeneti?” Ndinati alibe. Akuti, “Nanga a 3 plus aja, silaidi yake anaitaya?” Ndinamuuza kuti mwina anaitsuka kalekale. Koma Loweruka lotsatira ndinakwera njinga kupita kwa mnzanga wina yemwe amagwira ntchito mu labotale, ndipo wandilonjeza silaidi yakale yothira kale mtundu, yokhala ndi tizilombo tambiri. Vuto ndi lakuti maikulosikopu yathu ilibe galasi la ka 100 logwiritsa ntchito mafuta, ndipo popanda limenelo timphete ta falciparum timangooneka ngati fumbi. Ngati pali mphunzitsi pakati pa Ulongwe, Liwonde ndi Balaka amene sukulu yake ili nalo, andiuze teremu isanathe. Ndidzabwera ndekha kudzatenga, ndipo ndidzabweza tsiku lomwelo.